Mmene Anakanditulira Ndilibe Mimba

Anzanga, popeza nkhaniyi yafika kale mpaka pamsika wa ku Ulongwe ndipo aliyense akuithira mchere wake, kuli bwino muimve kwa mwini wake. Inde, Telezinya amene azakhali ake anakamutula kwa mnyamata m'mamawa uja ndi ineyo. Ayi, mimba panalibe, ngakhale kakang'ono. Sekani mosunga mpweya, ulendowu ndi wautali.

Zonse zinayamba ndi Jasinta. Kwa amene simumudziwa, Jasinta ndi mnzanga wa kuyambira pa masanje, mpando umodzi ku shikola, njinga imodzi popita ku Lifidzi, iye kupalasa, ine kumbuyo kukamwa kuli yasa kuwerenga mitambo. Kumayambiriro kwa chaka chino anachoka. Mudzi wonse unauzidwa kuti wapita ku Tete kukathandiza mayi ake aang'ono kulera khanda, ndipo anthu anakhulupirira. Zoona zake ndikuzinena lero chifukwa mwini wake wandimasula, koma nthawi imeneyo ndinali nditalumbira. Jasinta anatenga pakati, mnyamata anathawa, iye mwamantha anapita kwa mayi wina wa kutsidya kwa dambo amene anamupatsa mizu yowawa, anataya magazi masiku atatu ali chete m'chipinda, mpaka anamunyamula pa njinga yamoto milomo itayera ngati phulusa. Anapulumuka mwa mwayi. Tsiku lokwera chapa, kaminibasi kopita ku Tete, anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa, nati, "Ukadzangotsegula pakamwa, ine ndi iwe tathana. Ngakhale pa maliro anga usadzabwere."

Sindinatsegule. Koma nayenso sanatsegule! Miyezi isanu ndi itatu, ine kutumiza mauthenga, iye zii. Ndinkadutsa pakhomo pawo n'kumayang'ana pachingwe choyanikira zovala, ngati kuti siketi yake ibwerera yokha. Mapichesi atayamba kubereka ndinkathyola awiri mwachizolowezi, kenako n'kukumbuka, n'kudya onse awiri ndekha, osapsa omwe, ndi mkwiyo.

Ndiye tsiku lina apulofesora athu a biyolojiya, pakati pa phunziro, anangotchula modutsa kuti lamulo la dziko lathu limalola kuchotsa pakati kuchipatala ngati masabata khumi ndi awiri sanakwane. Anangonena ngati akunena za mtengo wa nyemba, n'kutembenukira kubolodi. Ine cholembera chinagwa. Ndiye kuti Jasinta anatsala pang'ono kufa akumwa mizu, pomwe chipatala chili ola limodzi panjinga, kungoti palibe amene anatiuza? Amayi athu sanatiuze, anamkungwi sanatiuze, ife tomwe tinkangonong'onezana mabodza kuchitsime.

Nthawi yomweyo achimwene anali atanditumizira foni yawo yakale ya intaneti, yoposa kanga kamabatani, kuchokera ku Beira, ndipo m'menemo ndinapeza chinthu chotchedwa podikasiti. Ndi pulogalamu ngati ya pawailesi, koma umajambula wekha mawu ako n'kumatumizira anthu pafoni. Basi, mutu wanga unanyamuka! Ndinkaona atsikana a ku Fonte Boa akumvera popalira, a ku Ulongwe akumvera pamzere wa chigayo. Sindinkafuna kuuza munthu kuti chotsa kapena usachotse. Ndinkafuna kunena kuti thupi ndi la mtsikanayo, moyo umene umatsala pang'ono kutayika ndi wake, ndiye adziwe zoona, afunse osatukwanidwa, ndipo chimene angasankhe asankhe anamwino ali pambali pake, osati ali yekha kutsidya kwa dambo. Ndinkadziwa kuti ena akwiya, poyamba amayi anga omwe amaimba kwaya. Koma ndinene chilungamo: atsikana onsewo ndinkawafunira zabwino, koma khutu limene ndinkalifuna kwenikweni linali limodzi. Ndinkalota Jasinta atakhala pamthunzi m'kutentha kwa ku Tete, akumva mawu anga, n'kundiimbira.

Ndinalemba dongosolo lonse mu kadeluno wanga wa masamu, kuyambira kumbuyo. Poyamba malonje. Kenako nkhani yogwira mtima. Kenako kufunsa anamwino. Pomaliza mawu opempha amayi athu kuti azilankhula nafe. Dongosolo labwino, eti? Vuto ndi loti ine ndinaleredwa ndi malemu agogo anga, amene sankatha kupempha ngakhale mchere osauzunguliza ndi ndagi. Ndinatengera. Chinthu chowongoka chikalowa m'kamwa mwanga chimatuluka chitapindika.

Cholakwa choyamba: popeza Jasinta sindikanamutchula, ndinaganiza zofotokoza nkhani yake ngati yanga. "Ine ndine mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili ndi pakati pa miyezi iwiri." Ndinkati zikhudza mtima kwambiri. Zinakhudzadi!

Cholakwa chachiwiri: mnyamata wa m'nkhaniyo ankafunika dzina. Mayina a anyamata padziko pano ndi ochuluka ngati nyemba, koma ine nditatseka maso kufunafuna, linabwera limodzi lokha: Selesitino. Selesitino ameneyu alipodi, mwana wa akatekisita, wamtali, amakweza matumba a kachewere panjinga ngati akunyamula thonje, ndipo ine ndakhala kumbuyo kwake pa misa zaka ziwiri. Sanandipatsepo ngakhale moni. Ndinadziuza kuti dzinali ndi longoyeserera, ndidzasintha. Mukuganiza kuti ndinasintha?

Chachitatu ndi malo. Inu munayesapo kujambula mawu pamudzi? M'nyumba, nkhuku. Kuseri, mbuzi. Kumunda, mphepo ya kuno imalowa mufoni ngati ikufuna kulankhula nawo. Kudambo, ana oweta ng'ombe. Pamapeto pake ndinayang'ana nkhokwe yathu, chimanga chinali chitatsika kufika theka, ndinati malo ndi amenewa. Masana ena anthu atabalalika ndinakwera, kulowa, kukhala pa chimanga, kudzifunditsa bulangete kuti mawu amveke ngati a pawailesi, thukuta kamukamu, anankafumbwe akuyenda m'miyendo, ine ndili mtolankhani.

Ndinayamba ndi ndagi yopeka ndekha, kenako nkhani ija. Koma kulira sikunkatuluka bwino. Ndinabwereza. Kachiwiri kunamveka ngati chimfine. Kachitatu ngati mbuzi yomangidwa. Ndinabwereza kasanu ndi kamodzi, nthawi iliyonse mokweza kuposa poyamba: "Ndili ndi pakati, Selesitino wandikana, ndikupita kwa mayi wa mizu!" Nditatopa ndinagona chagada pa chimangacho n'kuyamba kudzilankhulira zanga, foni ndinaiwala kuti ikujambulabe. Kenako, kachisanu ndi chiwiri, sindikudziwa chinachitika n'chiyani, ndinangosiya kuyeserera. Ndinalira zenizeni, n'kumutchula Jasinta dzina, kumufunsa chifukwa chake sanandiuze msanga, chifukwa chake sakundiyankha. Zonsezi zinalowa m'chojambula chimodzi chachitali. Kudula sindinkadziwa, kufufuta sindikanatha, chifukwa gawo lomalizalo ndi lokhalo linali loona.

Chimene sindinadziwe n'choti pamthunzi wa nkhokweyo, pansi panga penipeni, panali patakhala azakhali aNajere akusankha nyemba. Azakhali amenewa ndi alongo awo a abambo, anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo amadzitama kuti kumeneko anaphunzira kuzindikira mimba ya mtsikana mwini wake asanaidziwe. Anamva nkhokwe ikulira kanayi, n'kunyamula lichero lawo mwakachetechete kupita kukauza amayi kudimba. Mwayi wanga wokhawo tsiku limenelo ndi woti anachoka kachisanu ndi chiwiri kasanafike.

Masiku atatu otsatira sanandifunse kanthu, ankangondiyang'ana. Ine osadziwa, ndinapitiriza moyo wanga: kudya mapichesi osapsa, kukhala pamwala kuyang'ana mapiri maso ali gwa, kuusa moyo popanda chifukwa, kukana ndiwo za usipa wouma chifukwa sindinaukondepo chibadwire. Chilichonse azakhali ankagwedeza mutu ngati mphunzitsi akuchonga porova, mayeso aja.

Lachiwiri ndinajomba ku shikola kuti ndikafunse anamwino. Ndinasankha Lachiwiri chifukwa kunali masamu. Sindinadziwe kuti kuchipatala chathu chaching'ono Lachiwiri ndi tsiku la sikelo ya amayi apakati! Komanso poopa kuti andikalipira akaona ndikujambula, foni ndinaikulunga m'juzi n'kuimangirira pamimba, nsalu pamwamba. Inde, pamimba. Musandiyang'ane choncho, m'thumba simunkakwana.

Ndinauza abambo olondera pakhomo la chipatala kuti ndikufuna kulankhula ndi anamwino, iwo osakweza n'komwe mutu anandilozera pamzere. Ndinakhala pakati pa amayi makumi awiri a mimba zawo. Mmodzi anasendera kundipatsa malo, n'kuyang'ana kachotupa kanga.

"Woyamba, mwanawe?"

"Ayi mayi, ine ndangobwera kudzafunsa."

"Tonse pano tinayamba ndi kufunsa!" Benchi lonse linafa nako kuseka, wina n'kundipatsa nthochi kuti ndisachite chizungulire.

Nditalowa, anamwino anali mayi wonenepa wa magalasi, wotopa koma wa nkhope yabwino. Apa munthu wanzeru akanati, ndikupanga pulogalamu, ndikupempha mundiyankhe mafunso atatu. Koma mdzukulu wa agogo anati chiyani?

"Tiyerekeze kuti pali mtsikana wina."

Anamwino anaika cholembera pansi. "Menina, mwana wanga, mtsikana winayu amabwera muno katatu pa sabata, ndipo nthawi zonse amakhala atavala nsapato za amene akumufotokozayo. Usaope. Wachita bwino kubwera kuno osapita kwa a mizu. Tiyeze kaye, kenako tikambirana zonse zimene ungathe kusankha."

Anandipatsa kabotolo n'kundilozera kuchimbudzi. Mawu awo anali okoma kwambiri moti ndinachita manyazi kuwatsutsa, ndinangolandira ndi manja awiri, mumtima ndikuganiza kuti Jasinta akanangomva mawu amenewa. Ndinatuluka maso ali ndi misozi, kabotolo m'manja, mimba ya juzi patsogolo, ndipo pakhonde, manja ali m'chiuno, panali pataima azakhali aNajere. Anali atanditsatira wapansi kuchokera kunyumba!

Kodi ndinafotokoza? Ayi. Ndinaponya kabotolo, kudumphira panjinga, kuthawa. Ndiuzeni, pali njira ina yovomerera mlandu yoposa imeneyo?

Madzulo ake ndinapeza mphasa yayalidwa kale pansi pa mpichesi. Abambo anali atapita ku Tete ndi matumba a kachewere, ndiye bwalo linali la amayi ndi azakhali. Choyamba azakhali analanda foni, ati ndi imene yandiwononga, n'kuimangira pansonga ya nsalu yawo.

"Miyezi ingati?"

"Azakhali, ndilibe mimba. Ndi podikasiti."

"Podi chiyani? Ndi dzina la mankhwalawo?"

Ndinafotokoza za wailesi ya pafoni, za kadeluno, za atsikana a ku Fonte Boa. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Chabwino. Wailesi. Nanga mayi wa kutsidya kwa dambo unamudziwa bwanji? Za mizu yowawa, za kugona masiku atatu chitseko chotseka, unaziwerenga mu kadeluno wa masamu? Zimenezo munthu sapeka. Ngati nkhaniyo si yako, tiuze ndi ya ndani."

Apo ndiye panali pothina. Dzina limodzi lokha, ndikanamasuka pomwepo. Kapena kungoti tsegulani foniyo mumve, koma foni inali m'manja mwa azakhali, ndipo iwo sasiya chinthu pakati, akanamva mpaka kachisanu ndi chiwiri. Pofika mawa lake nkhani ya Jasinta ikanakhala ili pachitsime.

"Ndangopeka," ndinatero.

Amayi, maso ali psuu, anandigwira bondo. "Mwana wanga, sindikumenya. Ungondiuza chimodzi. Sunamwe kanthu?"

Apo kuseka kunandithera. Ndinalumbira kuti sindinamwe kalikonse, ndinapempha kuti mawa tipite kuchipatala akandiyeze, nkhani ithe.

"Kuchipatala komwe umakafunsa zochotsako?" anatero azakhali. "Ayi. Tiyambira kwa mwini wake. Mawa tikukakutula."

Inu a m'tauni mwina simudziwa kutula. Mtsikana akapezeka ndi pakati, akuluakulu aakazi amamutenga m'mamawa anthu asanabalalike, kupita naye pakhomo pa mnyamatayo, kumukhazika pansi ngati katundu wofika, n'kunena kuti nayu munthu wanu. Ine ndinkaona anzanga akutulidwa, ndinkawamvera chisoni ndili kuseri kwa mpanda. Tsopano ndinali ine, nsalu kumutu, mame m'mapazi, azakhali patsogolo akuyenda ngati akutsogolera gulu la nkhondo, amayi pambuyo kolona m'manja. Amayi a pamjigo anasiya kupopa. Ndipo ndivomere chinthu chochititsa manyazi: pakati pa mantha onsewo, kamtima kena kopusa kankati, lero ndiye andiyang'ana.

Tinapeza amayi ake a Selesitino akusesa. Atangoona mmene tabwerera tsache linagwa lokha. Anayala mphasa, akatekisita anatuluka akumanga mabatani a malaya, malonje anachitika bwinobwino, azakhali anakonza kukhosi n'kuyala mlandu wonse. Akatekisita anaitana mwana wawo ndi mawu amene ndimangowamva pa Lachisanu Loyera.

Selesitino anatulukira kuseri, mswachi m'kamwa, mpope wa njinga m'manja. Azakhali anandivundukula nsalu kumutu. Anandiyang'ana. Zaka ziwiri ndikudikira maso amenewo! Anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa mswachi.

"Pepani, kodi ameneyu ndi ndani?"

Anzanga, kutulidwa ndi mimba yoti ulibe kumapweteka, koma funso limenelo linaposa.

"Onse amatero!" anakuwa azakhali. "Lero sukumudziwa? M'nkhokwe akulira dzina lako!"

"Nkhokwe yake iti? Amayi, ine sindinalowepo m'nkhokwe ya munthu!"

Amayi ake anayamba kulira, akatekisita anavula lamba, anthu anayamba kuunjikana kumpanda. Ndinaona kuti mnyamata wosalakwa akwapulidwa pamaso pa mudzi chifukwa cha maloto anga. Ndinaimirira.

"Azakhali, ndipatseni foni. Mumve nonse. Koma ndiigwira ndine."

Anamasula mfundo monyinyirika. Ndinakweza mawu mpaka kumapeto, chala changa chili pafupi ndi pozimitsira. Ndipo pabwalo la akatekisita, m'mamawa kukuzizira, panamveka mawu anga onenepetsa dala ngati a pawailesi:

"Moni omvera nonse kulikonse kumene muli, kuno ndi kwa mtsikana wanu Telezinya! Ndagi! Nyumba ili ndi chitseko chotsegula, koma ana ake amalowera pazenera n'kudzicheka."

"Gize," anayankha agogo ena kumpanda, mwachizolowezi.

Kenako kulira koyamba. Kenako mawu anga enieni: "Ayi, sizinamveke, ndiyambirenso." Kulira kwachiwiri. "Iii, ngati chimfine." Kwachitatu, mbuzi yathu kunja n'kuyankha, ine n'kuitukwana. Kumpanda anthu anayamba kugwirana mapewa. Akatekisita anatsitsa lamba. Ndinati basi, ndapulumuka, ndizimitse. Koma azakhali aNajere sagonja msanga.

"Mukuona? Amayeserera mmene adzatiuzire! Mwana wochenjera ameneyu!"

Ndinayang'ana foni. Ndinkadziwa chimene chikubwera pambuyo pa kachisanu ndi chimodzi, ndinkadziwanso kuti ndi chokhacho chingamuyeretse Selesitino. Ndinapempha nthaka kuti ing'ambike, nthaka inakana. Ndinasiya foni ipitirire.

Kunamveka chimanga chikuphwanyika pamene ndinkagona chagada, kuusa moyo kwakutali, kenako:

"Koma Selesitino iwe. Zaka ziwiri ndili kumbuyo kwako pa misa, khosi lako ndaliloweza kuposa katekisimu. Kachipsera kali kuseri kwa khutu lako lamanzere unakatenga kuti? Ngakhale moni, ngakhale kundiponda phazi mwangozi, ayi ndithu. Dzina langa sukulidziwa n'komwe. Koma palibe kanthu. Tikadzakwatirana tidzamanga ya malata ku Ulongwe, mazenera obiriwira, ana atatu, woyamba adzatenga kutalika kwako koma mphuno atenge yanga, chifukwa yakoyo, pepa, ndi ya abambo ako."

Akatekisita anagwira mphuno yawo. Selesitino anagwira kuseri kwa khutu. Amayi ake, misozi ili m'masaya, anagwa chammbali pamphasa ndi kuseka. Kumpanda wina anachita kukhala pansi. Ndipo m'kati mwa phokoso lonselo ndinamva mufoni kufwenthera kwanga, kuja koyambira kachisanu ndi chiwiri. Ndinadina. Zii.

"Yatha?" anafunsa azakhali.

"Yatha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa eni khomo n'kuyamba kupepesa, kupepesa kwake kokhala ngati wolakwa ndi nkhokwe. Nkhuku yathu yaikazi yoyera inapita kwa akatekisita tsiku lomwelo.

Amayi sanaseke. Kuchokera pomwepo tinangodzera njinga kunyumba, ananditenga kupita kuchipatala, awiriwiri, ati mtima wawo ukhale pansi. Anamwino a magalasi aja atamva zonse anavula magalasiwo kupukuta misozi, anandiyeza, n'kuuza amayi kuti mwana wawo alibe mimba, ali ndi mutu wodzaza mphepo basi. Kenako anati, "Tulutsa foniyo, menina, ufunse mafunso akowo mowongoka." Anayankha onse: za masabata aja, za wamng'ono amene amafunika kubwera ndi wamkulu wake, za njira zolerera, za atsikana amene amafika mochedwa atamwa kale zinthu. Amayi anakhala pampando wa pakona, kolona m'manja, kumvetsera zonse.

Pobwerera tinakankha njinga, osakwera. Titafika pamlatho amayi anaima.

"Zochotsazo ine mtima wanga sukuzilola, ndipo sindisintha lero. Koma usiku wathawu ndimaganiza kuti ndikuika m'manda." Anatembenukira kwa ine. "Ukadzakhala pa vuto, uyambe kwa ine. Ndidzakalipa, koma ndidzakuperekeza. Ndipo dzina la mwini nkhaniyo sindikufunsa."

Tinapitiriza kukankha njinga.

Sabata imeneyo ku shikola sindinapume. Ndikalowa m'kalasi wina kumbuyo ankalira ngati mbuzi. Pabolodi anajambula mphuno. Ndinayamba kuganiza zosamukira ku Beira.

Loweruka masana ndikusenda kachewere, foni inalira, nambala yosadziwika. Nditayankha sindinamve moni, ndinangomva munthu akuseka, kuseka kotsamwa, kokoka mpweya ngati mpope wakutha. Kuseka kumeneko ndikanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Mpeni unagwera m'madzi.

"Mazenera obiriwira!" anatero Jasinta atapeza mpweya. "Amiga, mnzanga iwe, mazenera obiriwira! Amayi ogulitsa kachewere afika nayo kuno nkhani yako, msika wonse ukuidziwa!"

Ine kulira, iye kuseka, kenako ine kuseka, iye n'kutsitsa mawu.

"Akuti anakufunsa kuti nkhaniyo ndi ya ndani."

"Anandifunsa."

"Ndiye unalola kukutula?"

"Nanga ndikanatani?"

Kumbuyo kwake ndinkamva mahutala a ku Tete. Kenako anati ankaopa kundiyankha chifukwa ine ndi amene ndinamuona tsiku lija ankamunyamula pa njinga yamoto, ndipo akaona dzina langa pafoni ankangoona magazi. Anati watopa kubisala. Anati pa Natale, Khirisimasi ikubwerayi, abwera, ndipo ngati pulogalamuyo ilipobe, nkhani yake adzainena yekha ndi pakamwa pake, kuti wina asadzapitenso kutsidya kwa dambo.

"Chifukwa iwe, Telezinya, akuti unandiliritsa ngati mbuzi. Ine sindinalire choncho!"

Ndiye podikasiti ikubwera, anzanga, mudzaimva. Masiku ndikuwawerenga pakhoma ndi khala. Selesitino naye tsopano dzina langa akulidziwa bwino lomwe: akandiona patali amatembenuza njinga, matumba ali pomwepo, n'kudzera njira ya kudambo, ndipo pa misa anasamukira kutsogolo, kolala ataikweza mpaka m'makutu. Ine ndalumbira pamaso pa amayi ndi pamaso pa mbuzi: mnyamata wa m'nkhani zanga sadzakhalanso ndi dzina, ndipo ndisanalire pamalo alionse, ndiziyamba ndasuzumira pansi pake kuona ngati palibe amene akusankha nyemba.